Makala a M'kachubu

Loweruka m'mawa pa Lizulu,
chifunga chisanasiye msewu wa tala,
ndinalowa m'golosale ya a Kamwendo
kapepala ka kusukulu kali m'manja,
ndalama za matumba awiri a kachewere zili m'sokosi.
Sigele wanga akukayamba Fomu Wani yogonera konko.

Ndowa ndagula, bulangete ndagula,
sopo, mafuta odzola, loko wa sutikesi.
Watsala mzere wapansi, wa bolopeni yofiira:
mswachi ndi mankhwala otsukira mano.

A Kamwendo anatsitsa timachubu tiwiri.
Aka koyera, akuti, mukukadziwa kale,
ka thovu, kozizira m'kamwa ngati madzi a kudimba.
Aka kakuda kangofika kumene, n'kachilengedwe,
mabwana a ku Lilongwe akaima kudzagula kabichi
amafunsa kameneka.
Mtengo wake, katatu kuposa kanzake.

Ndinati, muli chiyani m'menemu?
Anavala magalasi, anakatembenuza,
anawerenga pang'onopang'ono ngati kalata ya kukhoti.
Makala, akuti.

Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira.

Inu a Kamwendo simunaphunzire ku Mlanda.
Simukuwadziwa a Ngozo, aphunzitsi a Sitandade Folo,
amene Lolemba lililonse ankatiimika pamzere,
zikhadabo kutsogolo, kenako, yasamulani.
Mayi anga ankatola khala lozima la dzulo,
kulipera pamwala, kutsinirapo kamchere,
chala ndiye mswachi.
Tsiku limenelo ndinachedwa, sindinachukuche bwino,
m'nkhama munatsala mwakuda bii.
Anandikokera kutsogolo ndi khutu:
taonani mnyamata wodya mbaula.
Dzinalo linandimata mpaka ndinasiya sukulu,
ndipo alipo pano pamsika, a imvi kale,
amene akandiona amakuwabe, Mbaula, zikuyenda?

Ganyu wanga woyamba, wokweza matumba pa lole,
ndinagulira kachubu koyera.
Ndinkatsukira panja, pakhonde, anthu aone thovu.
Kakatha ndinkakang'amba ndi lezala
kukokota za m'kati.

Tsono lero manyazi anga aja awaika m'katoni,
awalembera Chingerezi, ajambulapo tsamba lobiriwira,
akugulitsa mtengo wa ndowa ya kachewere.

Sindinama kuti makala anapulumutsa aliyense.
Mayi anapita ndi mano okutha ngati khasu lakale,
awiri a kumanzere anagwa okha,
komabe mzimbe ankasenda ndi pakamwa mpaka chaka chomaliza.
Ine wa thovu, la chibwano anandizula ku chipatala cha Ntcheu,
ndipo dokotala, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga,
anati koyerako kali ndi zolimbitsa mano,
makala amapala ngati mchenga pa poto.
Ndinavomera ndi mutu, thonje lili m'kamwa.
Sanafunse za masiwiti amene ndimayamwa podikira makasitomala,
nanenso sindinawatchule.

Kumbuyo kwanga mayi wina anagogoda kauntala ndi ndalama yachitsulo.
Bambo, mukugula kapena mukupemphera?

Ndinaganiza za hositelo, pampopi m'mawa,
atsikana makumi anayi ali pamzere, maso awo akuthwa,
Sigele akulavula zakuda pakati pawo.
Ana satha kusiyanitsa makala odula ndi a pamoto.
Ndinaloza koyera.
Chenji ndinagula machesi ndi mabanzi awiri.

Madzulo ndinayala katundu pamphasa.
Sigele anawerenga chimodzichimodzi, akuchonga pakapepala,
anafika pa kachubu, anakanunkhiza, anakabweza m'katoni.
Zikomo ababa, akuti.
Kenako, chapansipansi, akupinda bulangete:
koma kakuda kaja kanalibe?
Anzanga akuti ndi kamene akutsukira masiku ano.

Amake anandiyang'ana, akuluma mlomo kuti asaseke.
Pakhomo mbaula inali itazima,
khala limodzi lili pamwamba pa phulusa, lathunthu.
Ndinalitola, ndinalipima m'dzanja,
ndinati, mwana wanga, tapita ukatenge mchere.